Botolo la ku India ndi impso za alamu anga

Lachiwiri sabata ino ndinayenda m'khonde la chipatala nditanyamula mkodzo wa munthu wina m'kabotolo. Mwini wake sakanatha kuunyamula yekha chifukwa miyendo inali itamukana. Ndinaukulunga kunsonga ya chitenje kuti anthu a pamzere asauone, koma nditafika pawindo la kulabu n'kuutulutsa, mayi woyeza uja anauyang'ana kaye, kenaka anandiyang'ana ine.

"Wayamba liti kuoneka chonchi?"

Nanenso ndinauyang'ana. Unali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo, komanso wa matope.

Mwini wake ndi alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Ndawapempha kuti ndilembe nkhaniyi ndipo avomera, bola ndisinthe maina. Choncho iwo tiwatchule kuti Abiti Kassimu, achimwenewo Che Bakali.

Abiti Kassimu ndi mayi wa ana asanu, ndipo chikwatiwireni pabanja pathu sindinawaonepo atagona masana. Geni yawo ndi ya usipa ndi utaka. M'mawa uliwonse amakhala ali padoko cha ku Nkopola, ndipo sadikira kuti boti lifike pamchenga. Amalowa m'madzi mpaka m'chiuno kukalichingamira, chifukwa wofika msanga ndi amene amapeza nsomba zabwino. Akachoka pamenepo amakakhala pabenchi pawo, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu, mpaka dzuwa kupendeka.

Lachiwiri lija anzawo a pamsika anawaona akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo, akupempha kuti wina awafunditse chitenje. Kenaka anasanza. Achimwene amagwira ntchito yophika pahotela ina cha ku Makokola ndipo masiku ambiri amagonera konko, choncho foni anaimbira ine.

Tonse tinati ndi malungo. Kuno ku Mangochi munthu akanjenjemera timayamba ndi malungo. Koma atawabaya chala malungo sanapezeke. Adokotala, mtsikana wodekha bwino, anawagogoda pang'ono kumsana, m'munsi mwa nthiti, ndipo alamu anga, amene sindinawamvepo akudandaula ngakhale mutu, anakuwa mpaka anthu a panja anasuzumira. Apo ndi pamene anatipatsa kabotolo kaja.

Zotsatira zitabwera adokotala sanatibisire. Anati tizilombo tinalowa m'chikhodzodzo kalekale, ndipo popeza panalibe chotiletsa, takwera mpaka ku impso. Kuwonjezera apo, mumkodzomo apezamo mazira a likodzo. Analamula kuti alamu agonekedwe, aikidwe dilipi, ayambe jakisoni nthawi yomweyo.

"Mayi, mukanakhala kunyumba masiku ena awiri kapena atatu, bwenzi tikukamba zina," anatero adokotala. "Nanga nthawi yonseyi mumamwa chiyani?"

Alamu anayang'ana kukhoma. Kenaka anandilozera chikwama chawo ndi mlomo. M'katimo, pansi pa mpango ndi mapepala okulungira nsomba, munali mabotolo atatu. Awiri anali opanda kanthu, lachitatu litatsala theka.

Botolo lake ndi lokongola, zimenezo sindingakane. Pali chithunzi cha nkhalamba ya ndevu zoyera itakhala chopinda miyendo, masamba obiriwira mbali zonse, ndi zilembo zachimwenye zimene ine sinditha kuwerenga. Pamwamba pake wina anamata kapepala ka Chichewa: "Ayuveda wa ku India. Amatsuka chikhodzodzo, impso ndi magazi. Wopanda makemikolo." Pansi penipeni, m'tizilembo tachingerezi tofuna magalasi, opanga ake analemba okha kuti si mankhwala ochiza matenda, ndipo wodwala akaonane ndi dokotala. Pamene pamayenera kukhala tsiku lotha mphamvu panali pokandidwa.

Lachitatu masana thupi litayamba kuzizira, alamu atamwako phala, ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuwafunsa.

"Alamu, zinayamba liti?"

"Milungu isanu yakwana."

"Milungu isanu, inu chete?"

Anandifotokozera motsitsa mawu kuti mayi wa pabedi loyandikana asamve. Zinayamba ndi kuwotcha akamataya madzi. Kenaka m'chinena munayamba kulemera, ndipo ankamva ngati mkodzo wawagwira kwambiri, koma akapita kumangotuluka timadontho. Nthawi zina timadonthoto tinkabwera tokha. Kwa mayi wachisilamu imeneyo si nkhani ya thupi lokha. Sungaime pa swala kupemphera zovala zili ndi mkodzo. Ankasamba, kusintha, kukonzekanso, mpaka anatopa n'kusiya kupita kumzikiti Lachisanu, n'kumauza anzawo kuti nsomba zachuluka.

Ndiye anachita zimene amayi ambiri amachita: anachepetsa kumwa madzi kuti asamakodze pafupipafupi. Tsiku lathunthu padzuwa la kuno, kapu imodzi ya tiyi m'mawa basi.

"Ngakhale kale sindinkamwa madzi pamsika," anatero. "Chimbudzi chake mwachiona inu? Ukalowamo umatuluka nsapato zitanyowa, chitseko ulibe chotsekera, ndiye ulipirenso. Komanso benchi umusiyira ndani? Ukangochoka kasitomala wapita kwa mnzako. Tonse timagwira mpaka kunyumba."

"Chabwino. Nanga kuchipatala osapita bwanji?"

Anandiuza kuti zaka zingapo zapitazo anadwalapo chonchi pang'ono, ndipo anapita kukachipatala kena kakang'ono. Atangonena kuti akumva kuwotcha pokodza, namwino anayankha chitseko chili chotsegula, mawu ali pamwamba: "Matenda amenewo timachiza awiriawiri. Kawatengeni amuna anu." Pabenchi la panjapo panali anthu odzaza, pakati pawo pali apongozi a mwana wawo wamkazi. Alamu anatuluka osatembenuka, ndipo sanabwererenso.

"Nanga achimwene simunawauze?"

"Ndiyambe bwanji? Inu mukudziwa zimene anthu amanena za ife amayi a padoko, kuti nsomba zabwino sitigula ndi ndalama zokha. Ndikanangoti pokodza pakuwotcha, iwo akanaganiza chiyani? Komanso ine mumtima ndinkati, abambowa amagona kuhotela, mwina andibweretsera ndi iwo. Ndinkawaphikira, koma ndinkawayang'ana ndi diso lina."

Mwamva, awerengi? Banja la zaka zoposa makumi awiri linatsala pang'ono kugwedezeka chifukwa cha tizilombo timene tilibe nazo ntchito za chigololo. Mkazi akukayikira mwamuna, akuopanso kukayikiridwa, ndipo pakati pawo palibe amene wachita kanthu.

Ndiye tsiku lina la msika kunabwera galimoto yaing'ono ya chimkuzamawu padenga. Mawu ake alamu anawaloweza: kuwotcha pokodza, kukodza pafupipafupi, msana, mphamvu za abambo, shuga, kuthamanga magazi, zonse botolo limodzi. Anadikira kuti anthu achepe, n'kupita kuseri kwa galimotoyo, kumene kunali wogulitsa wake.

"Anandipatsa mpando," anatero alamu. "Ananditchula kuti mayi anga. Sanandifunse za amuna anga. Anangoti chikhodzodzo chada, chikufuna kutsuka."

Botolo loyamba litatha kuwotcha kunali pompo, ndipo mkodzo unali utayamba kufiira. Sabata yotsatira anabwerera kukamuuza munthuyo kuti akuona magazi.

Yankho lake ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Anawauza kuti asaope, zimenezo ndi zoipa zimene zikutuluka, mankhwala ayamba kugwira ntchito, aonjezere botolo lina. Msana utayamba kupweteka anawauza kuti kutsukako kwafika ku impso, apirire, atenge lachitatu.

Munthu akukodza magazi, iwe n'kumuuza kuti akuchira? Kodi kumeneko n'kusadziwa, kapena n'kudziwa bwino lomwe kuti wodwala akachita mantha agulanso?

Achimwene anafika madzulo a Lachitatu lomwelo atapempha tchuthi, akadali ndi nsapato za kukhitchini. Anakumana ndi adokotala pakhomo la wodi, ine ndili pomwepo. Funso lawo loyamba analifunsa akuyang'ana pansi.

"Adokotala, kodi ndi matenda ajawa?"

"Ayi bambo. Tayeza, palibe. Matenda a m'chikhodzodzo amagwira mayi wina aliyense, wokwatiwa ndi wosakwatiwa, ngakhale mwana wasukulu. Kugwira mkodzo ndi kusamwa madzi kumawapatsa mpata. Likodzolo analitenga m'madzi, ndipo inunso ndi ana onse mubwere tidzakuyezeni."

Achimwene analowa m'wodi n'kukaima kumiyendo kwa bedi. Sanakhale pansi.

"Abiti Kassimu, milungu isanu yonseyi mumandichapira, mumandiphikira, muli chonchi?"

"Mukanandikhulupirira?"

Achimwene sanayankhe. Anatenga jagi ya madzi imene inali patebulo, anathira m'kapu, n'kuwagwirizira mutu kuti amwe. Kusayankhako ine ndinakumva, ndipo ndikhulupirira alamu anakumvanso.

Lachinayi linali tsiku la msika. Ndinakwera minibasi pa boma kupita kumsika wa alamu uja, botolo la theka lija lili m'chikwama. Sindinavutike kumupeza wogulitsa uja. Chimkuzamawu chinkamveka ndisanatsike n'komwe.

Ndi bambo wa thupi labwino, wa malaya oyera ositidwa bwino, tayi, ndi kachikwama ka zikopa. Mabotolo anawayala pansalu yobiriwira pamwamba pa galimoto. Atandiona anamwetulira n'kundikokera mpando womwe uja.

"Takulandirani mayi anga. Chikuvuta n'chiyani?"

Ndinatulutsa botolo.

"Ili munagulitsa ndinu?"

"Eya, ndi lathu limenelo. Likuyenda bwanji?"

"Mwini wake ali pa dilipi. Tandiuzeni kaye, Ayuveda n'chiyani?"

Sanaphethire n'komwe.

"Ndi mtengo waukulu wa ku India, mayi. Umamera m'mapiri okhaokha. Mizu yake ndi imene amafinya."

Ndikanakhala kuti sindinachoke kuwodi m'mawa womwewo, ndikanaseka. Ayuveda si mtengo. Ndi dzina la nzeru zakale za amwenye zosamalira thupi ndi kuchiza matenda, monga momwe ife tinganenere kuti mankhwala achikuda. Kwawoko amene amachiza mwa njira imeneyi amaphunzira zaka, ndipo asanakupatse kanthu amakufunsa zimene umadya, mmene umagonera, mmene umapitira kuchimbudzi, amakugwira mkono, amakuona lilime. Mwina mumazikhulupirira, mwina ayi, koma si zoika pamwamba pa galimoto n'kumaitanira ndi nyimbo.

Usiku wa dzulo lake ndinali nditaimbira mnzanga wina wachimwenye wa ku Limbe amene tinaphunzira limodzi. Anandiuza kuti agogo ake akamva wina akudandaula kutentha pokodza ankamunyikira m'madzi njere zina zonunkhira zimene amathira mundiwo, n'kumuuza kuti amwe madzi ambiri, asiye tsabola masiku angapo, apume. Koma akangoona magazi kapena thupi kutentha, agogo omwewo ndi amene ankayamba kuitana galimoto yopita kuchipatala.

Ndinamuuza bamboyo zimenezi. Ndinamuwerengeranso tizilembo tating'ono tija, n'kumufunsa amene anakanda tsiku. Anati katundu amabwera choncho. Ndinamufunsa chifukwa chimene anauzira mayi wokodza magazi kuti akuchira. Apo kumwetulira kunatha. Anatsitsa chimkuzamawu, n'kundiyandikira.

"Mayi, ine sindigwira munthu pakhosi. Amabwera okha. Mukudziwa chifukwa chake? Kuchipatala amafika mamawa, amatuluka madzulo, geni yaima. Akalowa amakalipiridwa ngati ana. Mapeto ake amauzidwa kuti mankhwala atha, akagule kufamase. Ine ndimawapatsa mpando, ndimawamvera, chinsinsi chawo sindiulula. Ngati mukufuna kukalipa, kayambeni kumeneko."

Zinandipweteka chifukwa mbali ina sankanama.

Koma tisasokoneze zinthu. Kupatsa munthu mpando si kumuchiza. Ngati umadziwa kuti anthu akuthawa chipongwe, iwe n'kukawatchera pamene akuthawirapo, sindiwe wachifundo. Wangoona pamene pali phindu. Ndipo munthu amene sadziwa ngakhale tanthauzo la dzina limene lili pabotolo lake alibe chifukwa chouzira mayi wa ana asanu kuti magazi ndi zoipa zotuluka.

Ndipo ndifunse: galimoto imeneyi imayenda mobisala? Ayi. Imaima pamsika masana, chimkuzamawu chili pamwamba, ikulonjeza kuchiza shuga ndi impso ndi botolo limodzi. Otolera msonkho wa pamsika amafika, amadula chiphaso, amapita. Mayi wogulitsa mandazi osavindikira amathamangitsidwa kuti adwalitsa anthu. Wogulitsa madzi osadziwika kwa anthu okodza magazi palibe womufunsa pepala. Amene ntchito yawo ndi kuyendera mankhwala m'dziko muno, kodi misika ya kunyanja kuno saidziwa njira yake?

Ena anena kuti ndikunyoza mankhwala achilengedwe. Sindikunyoza. Ine ndinakula ndikumwa madzi a nimu mpaka nkhope kukwinyika, ndipo mpaka lero chammwamba sichisowa m'khitchini mwanga. Chodabwitsa n'chakuti mitengo iwiri yonseyi kwawo ndi ku India komweko, ndipo kuno yamera paliponse, mbuzi zikugona pansi pake. Amayi anga akamva kutentha pokodza ankawiritsa ndevu za chimanga n'kumamwa madzi ake tsiku lonse. Kaya zinkawathandiza ndi ndevuzo kaya ndi kuchuluka kwa madziwo, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ankadziwa chimene chili mumphika, sanalipire munthu, ndipo zikapitirira masiku awiri ankavala nsalu yawo yabwino n'kupita kuchipatala cha mishoni.

Vuto lathu masiku ano n'lakuti mawu oti "zachilengedwe" tawasandutsa chiphaso. Akangotero wogulitsa, ife mafunso onse timasiya. Muli chiyani? Sitifunsa. Anapanga liti? Sitifunsa. Ndimwe mochuluka bwanji, nanga ngati ndili ndi pakati, nanga ngati ndikumwa kale mankhwala a kuthamanga magazi? Sitifunsa. Akaonjezera kuti zachokera kunja, ku India kapena ku China, ndiye timatambasula manja onse awiri. Kodi fodya si wachilengedwe? Nanga chinangwa chowawa chosanyika bwino, chimene chimagoneka banja lonse, anachipanga ndi azungu m'fakitale?

Ndinafunsa adokotala aja kuti njira zachilengedwe zosamalira chikhodzodzo zilipodi kapena ayi. Anati zilipo, ndipo anazitchula akulemba m'faelo, osakweza n'komwe mutu. Kumwa madzi okwanira mpaka mkodzo uzioneka woyera. Kusaugwira ukabwera. Kwa amayi, kudzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kutaya madzi mukatha kukhala pamodzi ndi abambo, ndi kusiya kuthira sopo wonunkhira ndi zitsamba kumalo obisika. Koma anatsindika kuti ukangoona magazi, kapena thupi latentha, kapena msana wayamba kupweteka m'mbali, kapena kuwotcha kwapitirira masiku awiri, kapena uli woyembekezera, nthawi ya tiyi wa masamba yatha.

Taonani mndandanda umenewo. Mulibe cha ku India. Zinthu ziwiri zoyambazo, madzi ndi chimbudzi, ndi zimene alamu anga analibe.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga umachoka pa bambo wa tayi uja n'kufalikira. Mayi amagwira ntchito m'mphepete mwa nyanja yaikulu chonchi, koma tsiku lonse samwa madzi chifukwa akuopa chimbudzi. Amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse, koma chitseko cha chimbudzi chilibe loko. Amuna sazimva zimenezi chifukwa iwo khoma lililonse ndi lawo, mtengo uliwonse ndi wawo. Mayi angatero? Ndipo si amayi a pamsika okha. Funsani aphunzitsi aakazi, funsani atsikana operekera zakudya m'malo ogona alendo ku Nkopola, funsani mayi aliyense amene anakwerapo minibasi kuchokera pa boma kupita ku Blantyre. Tonse tinaphunzira luso limodzi: osamwa kanthu usananyamuke. Timaliyesa nzeru, koma tikudzidwalitsa.

Nanga likodzo? Kuno tinalizolowera mpaka sitiliyesanso matenda. Ndili mwana anthu ankaseka kuti mwana wamwamuna akakodza magazi ndiye kuti wakula. Mapiritsi ake timawaona akugawidwa kusukulu, ndiye timaganiza kuti ndi matenda a ana. Mayi amene amalowa m'madzi m'mawa uliwonse, kuchapa momwemo, kutsuka nsomba momwemo, ndani amamuuza kuti nayenso akufunika kuyezedwa? Adokotala anatiuza kuti likodzo likakhalitsa limaononga chikhodzodzo, mwinanso kuyambitsa khansa, ndipo kwa amayi limatha kubweretsa zizindikiro zofanana ndi matenda opatsirana pogonana. Ndi amayi angati amene anatukwanidwa, kumenyedwa, kapena kusiyidwa ukwati chifukwa cha nkhono za m'madzi zimene zimafalitsa likodzo?

Kwa anamwino ndi madokotala athu, ndikudziwa kuti mulipo ochepa, mizere ndi yaitali, ndipo ena mwa inu ndinu ngati mtsikana amene wapulumutsa alamu anga sabata ino. Koma mawu amodzi onenedwa chitseko chili chotsegula anathamangitsa mayi kwa zaka. Mnzanu amene anawanena mwina sakumbukira n'komwe. Kutseka chitseko sikufuna bajeti. Kutsitsa mawu sikudikira thandizo lochokera kunja. Wodwala aliyense amene mwamuchititsa manyazi mwamupereka nokha kwa munthu wa chimkuzamawu.

Ndi ifenso apabanja tisadzichotsemo. Ine ndimakumana ndi alamu anga sabata iliyonse. Ndinawaona akuyenda chowerama, ndinawaona akukana tiyi kwathu, ndinawaona akudzuka pamkeka kupita kuseri kanayi pa ola limodzi. Ndinafunsa? Ndinangoti ndi ukalamba ukuyamba. Timatha kukambirana za maliro, za ziwongola dzanja, za ana a eni ake amene atenga mimba, koma mawu oti mkodzo amatikanika pakamwa ngati ndi kutukwana.

Pamene ndikulemba pano alamu akadali m'chipatala, koma dilipi achotsa, adya, ndipo ayamba kale kufunsa amene akuyang'anira benchi lawo. Mapiritsi a likodzo amwa. Adokotala akuti impso zikuoneka kuti zipulumuka, koma adzabwerenso kudzaunikidwa chikhodzodzo. Achimwene agula chigubu cha madzi chokhala ndi chivindikiro, ati mkazi wawo azipita nacho kumsika. Nkhani ya chimbudzi sanaipezere yankho, ndipo inenso ndilibe.

Pamsika paja, ine ndi bambo wa mabotolo tinasiyana osatsanzikana. Ndinamusiyira botolo lake pansalu yobiriwira, iye anakwezanso chimkuzamawu ndisanafike n'komwe pamsewu. Ndikudikira minibasi ndinaona mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, mimba ina ikuoneka kale. Nthawi yonse imene ndinkakangana ndi bamboyo anali ataima chapatali ngati akusankha tomato. Nditangochoka anazungulira kuseri kwa galimoto. Sanakhalitse. Anatuluka akulowetsa kanthu m'chitenje.

Ndinamutsatira mpaka pamene pamaima akabaza.

"Pepani achemwali, sindikukudziwani. Koma ngati mukumva kuwotcha pokodza, ndi mimba imeneyi, chonde pitani kuchipatala lero lomwe. Mlamu wanga wagonekedwa chifukwa cha botolo lomwelo."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana akabaza amene anali atayamba kutchera khutu.

"Si langa," anatero. "Andituma anzanga."

"Ndiye muwauze anzanuwo."

"Ndiwauza."

Anakhala panjinga chammbali, dzanja limodzi litagwira mwana, lina litagwira pamene panali botolo, ndipo anakhota kanjira kolowera kumidzi ya kumtunda. Dzina lake sindilidziwa, mudzi wake sindiudziwa. Ndinazindikira ndili m'minibasi kuti nanenso ndinamuyankhula pagulu, amuna akumva.

Mayi ameneyu ali ndi mwamuna, ali ndi apongozi, ali ndi anzake otunga nawo madzi, mwina mmodzi mwa iwo ndi inu amene mukuwerenga. Botolo loyamba likadzatha magazi n'kuyamba kuoneka, pakati pa inu nonse, iye angauze ndani osaopa?